Dzina Tinachotsa, Mudzi Tinasiya

Anabwera Lachiwiri m'mamawa, m'nyengo yozizira, ine ndili pampopi kuseri kwa nyumba yathu ku Seke. Anagogoda pageti ndi kiyi wa galimoto, kugogoda kwaulemu ngati kwa munthu wobwereka khasu. Mkazi wanga ndi amene anakatsegula. Ndinamva akumufunsa m'Chishona kuti mlembi uja ali kuti, ndipo ndinaseka pang'ono chamumtima, chifukwa aka kanali koyamba kuti munthu wachilendo anditchule mlembi.

Anali amuna atatu opanda yunifolomu. Wamkulu wawo anavala jekete lachikopa, ndipo m'manja mwake munali buku langa, litapindika kale m'makona.

"Pfekai shangu, mudhara," anatero, kutanthauza kuti valani nsapato, mdala. "Tikungofuna kucheza nanu pang'ono za bukuli."

Ndowa inali isanadzaze. Ndinapempha kuti nditseke kaye mpopi, ndipo anandilola. Mkazi wanga anavula juzi yake n'kundiveka pamwamba pa yanga. Tonse awiri tinkadziwa chimene anthuwa ankafuna. M'bukumo munali mutu umene mayi wina wokalamba anafotokoza mosabisa mmene anathamangitsidwira papulazi ya fodya, ndi mmene kanyumba kake kamatabwa kanagwetsedwera pambuyo pake kuno kutauni. Mayiyo anali azakhali anga, mlongo wawo wa bambo, amene ankakhala ku Unit A. Ndikukwera galimoto ija ndinalumbira kuti achite zimene achite, koma dzina la azakhali silituluka pakamwa panga.

M'nkhani ino sinditchula dzina la munthu aliyense, ngakhale la amene anandichita zoipa. Mudzinso sinditchula.

Ine ndinali mphunzitsi wa pulayimale. Agogo anachoka ku Malawi wapansi kudzafuna ntchito m'mapulazi, azakhali ali kumbuyo m'mbereko, ndipo bambo anga anabadwira kuno. Kwa zaka zambiri ndinkauza aliyense wofuna kumva kuti ndikulemba buku la makolo athuwa, anthu amene anakalambira m'minda ya eni ake. Koma ndinkalemba ndi pakamwa. Tchuthi chikafika ndinkagula kope latsopano, n'kulemba masiku angapo ngati wogwidwa ndi mizimu, kenako zii. Masamba a makope amenewo ankathera kwa mkazi wanga, amene ankakulungira mtedza pamsika wa ku Town Centre. Iye ankandiseka kuti makasitomala ake ndi okhawo amene anawerengapo mabuku anga.

Chimene chinandisintha ndi madzi. Zinthu zitayamba kuvuta m'dziko, mipopi ya ku Seke inauma. Madzi ankabwera m'mamawa kusanache bwino, ndipo ankangodontha, moti ndowa imodzi inkatenga nthawi yoti munthu n'kuphika nyemba. Panafunika wina wokhala pampopi n'kumasintha ndowa ndi zigubu.

"Inu alembi," anatero mkazi wanga, "m'malo moliza mkonono, kakhaleni pampopi. Mwina nzeru zizidontha limodzi ndi madziwo."

Ndinakwiya, koma ndinapita. Ndinkakhala pa kireti ya mabotolo, thabwa lili pamaondo. Poti panalibe china chochita, ndinayamba kulemba. Ndinadziikira lamulo limodzi lokha: tsamba limodzi patsiku, ndipo ndowa yomaliza ikadzaza ndisiye, ngakhale mawu ali pakati. Kusiya ndikadali ndi chonena kunkachititsa kuti mawa lake ndisavutike poyambira. Masiku amene madzi sanabwere n'komwe ndinkakhalabe pampopi wouma uja n'kulemba tsamba langa, aneba n'kumayesa kuti mutu wayamba kusokonekera. Patapita miyezi, thupi linayamba kudzuka lokha popanda wondigwedeza. Akale anati pang'onopang'ono ndi mtolo, koma ine ndinazimvetsa nditayamba kale imvi.

Loweruka linali tsiku locheza ndi akuluakulu. Nthawi imeneyo ambiri a iwo anali atachotsedwa m'mapulazi n'kudzaunjikana kwa ana awo kuno, ena m'tizipinda ta kuseri, ena m'makhitchini. Ndinkakhala nawo, iwo n'kumafotokoza, ine n'kumamvetsera, ndipo mkati mwa sabata ndinkalemba zimene ndamva. Lamulo lachiwiri linabwera lokha: mutu uliwonse ndinkabwerera nawo kwa mwini wake n'kumuwerengera, ndipo sunkalowa m'buku iye asanavomere. Ndinkanyadira kwambiri lamulo limeneli.

Azakhali ndinawawerengera mutu wawo Loweruka lina masana. Kanyumba kawo kanali katagwetsedwa kale, ndipo ankagona pansi pa malata atatu otsamira pakhoma la nyumba ya mayi wina wachifundo wa ku Unit A. Anamvetsera maso ali chotseka, n'kumagwedeza mutu. Pamene ndinalemba kuti anathawa papulazi, anandidula.

"Sindinathawe ine. Ndinayenda. Ndi miyendo iti yothawira? Konza."

Ndinakonza. Kenako ndinawauza kuti chifukwa cha mmene zinthu zilili, dzina lawo ndalichotsa, ndipo ndichotsanso mudzi wakwawo umene anandiuza kuti ndilembe pamwamba.

Anatsegula maso.

"Wati chiyani?"

"Ndati mudzinso ndichotse, azakhali. N'zoopsa."

"Dzina chotsa. Limenelo anandipatsa ndi abusa, silipweteka. Koma mudzi? Iwe mwana wa mlongo wanga, sukulu yonse ija inakulowa kuti? Kuno amatinyoza tsiku ndi tsiku kuti ndife anthu opanda kwawo. Nawenso ufuna ukalembe zomwezo m'buku, anthu aziwerenga?"

Amene si a mtundu wathu mwina sangamvetse. Munthu wakwathu akamadzitchula samathera padzina. Amatchula mudzi, mfumu yaikulu ya dera lake, ndi boma. Pamaliro athu kuno, mwambo sungathe asananene kuti womwalirayu kwawo n'kwakuti, kwa mfumu yakuti, boma lakuti, ngakhale munthuyo anabadwira m'komboni ya papulazi. Azakhali anachoka kumudziko ali khanda ndipo sanabwerereko. Ankaudziwa kuchokera pakamwa pa mayi awo basi, koma ankautchula tsiku lililonse ngati pemphero la Ambuye.

Akuluakulu ena onse ananena zofanana, ngati anapangana. Mkulu wina anandilanda mapepala n'kuwakhalira mpaka nditalonjeza. Ndiye ndinadzifunsa kuti kodi ndani kuno angadziwe kamudzi ka kutsidya kwa malire awiri? Komanso bukulo linali m'Chichewa, chinenero chimene ana athu omwe timawalankhula n'kumatiyankha m'Chishona. Ndinaona ngati tabisala kawiri. Choncho mutu uliwonse unayamba ndi mudzi, mfumu ndi boma, popanda dzina.

Kusindikiza kunali nkhondo ina. Mwini wa kamakina kosindikizira ankagwira ntchito pokhapokha magetsi akabwera, ndipo mapepala anatibweretsera ndi amayi ochita malonda kunja kwa dziko, atawaika pansi pa mabelo a zovala. Kusoka mabukuwo anasoka ndi mkazi wanga ndi anzake a kutchalitchi, ndi singano zosokera masaka. Nditagwira loyamba ndinalinunkhiza ngati mwana wakhanda. Ndinalira, sindibisa.

Msonkhano uliwonse masiku amenewo unkafuna chilolezo, ndipo chilolezo cha buku ngati limeneli sichikanapezeka. Ndiye tinagwirizana kuti tingomwa tiyi pabwalo la tchalitchi mapemphero a Lamlungu atatha, bukulo n'kuonetsedwa pamenepo. Anthu anabwera ambiri kuposa makapu. Ine ndinakonza zowerenga ndime imodzi yosapweteka, yofotokoza nyimbo za posankha fodya. Koma mkulu wa mpingo anandinong'oneza kuti, "Aphunzitsi, tangowerengani mitu yake kaye, anthu adziwe zimene zili m'katimo." Ndinaona kuti n'zanzeru.

Ndinawerenga mutu woyamba: mudzi wakuti, mfumu yakuti, boma lakuti. Kumbuyo kunamveka mawu a nkhalamba ina, "Tilipo!" Inavula chipewa n'kuchikweza m'mwamba. Anthu anaseka. Ndinawerenga wachiwiri, ndipo mayi wina anaomba m'manja n'kugwada pang'ono. Munthu wakwathu mudzi wake ukatchulidwa pagulu sangakhale chete, amayankha, ngati mmene mwana amayankhira akaitanidwa. Zimenezi ndinkazidziwa kuyambira ndili wamng'ono, koma tsiku limenelo nzeru zinali zitapita kokayenda.

Nditafika pa mutu wa azakhali, iwo anadzuka ndi ndodo yawo. Analiza nthungululu imene sindinkadziwa kuti ikadalimo m'chifuwa chimene chija, n'kuvina masitepe angapo fumbi lili koboo.

"Ndi kwathu kumeneko! Walembadi mwanayu! Ndi kwathu!"

Bwalo lonse linaimirira. Amayi analira, abambo anaseka mpaka kutsokomola, inenso ndinaseka nawo. Mabuku onse amene tinabweretsa anatha tsiku lomwelo, ena akulanda a anzawo kuti angoona mudzi wawo utalembedwa ndi makina. Panali nkhope zina zimene sindinazidziwe, koma patchalitchi alendo sasowa, ndipo mwambo wathu ndi woti mlendo ndiye ayambe kulandira tiyi. Ndinapita kunyumba ndikuyenda ngati bwana. M'moyo wanga wonse sindinakondwepo ngati tsiku limenelo.

Patapita masabata ochepa m'pamene kunabwera amuna atatu aja.

Kumene ananditengera sindikudziwa, chifukwa anandigoneka pansi m'galimoto, phazi la wina lili pamsana. Titafika anandilanda lamba, magalasi ndi nsapato. Chitokosi chake chinali cha anthu ochepa koma tinalimo ambiri, moti pogona tinkatembenuka onse nthawi imodzi, wina akalamula. Pakona panali ndowa. Mabulangete anali ndi eni ake kale, nsabwe, ndipo sizinkasankha kuti uyu ndi mphunzitsi. Kuwala kunkalowera pa kabowo ka pamwamba penipeni. Juzi ya mkazi wanga inandithandiza kwambiri, mpaka pamene wina anaifuna kuposa ine.

Ankandiitana masana, chakudya chawo chikatha. Mkulu wa jekete uja sankadziwa Chichewa. Pambali pake pankakhala bambo wina woonda, wa zaka za m'ma makumi atatu, amene ankagwira buku langa. Iyeyo ankawerenga mokweza, lilime likupita ku Chishona, koma osaphonya tanthauzo ngakhale limodzi, kenako n'kumasulira. Ngakhale mwambi umene azakhali anaponya pakati pa nkhani yawo anaumasulira molondola. Apo m'pamene ndinadziwa kuti chinenero chathu sichinali mpanda. Ana athu amene amatiyankha m'Chishona aja amamva zonse, ndipo ena a iwo anakula n'kulembedwa ntchito kumeneku.

"Ndani mayi ameneyu?" anafunsa wa jekete.

"Si munthu mmodzi, bwana. Ndinaphatikiza nkhani za anthu ambiri."

"Mphunzitsi satha kunama. Ndani mayi ameneyu, ndipo akukhala kuti?"

Ndinabwereza yankho lomwelo. Iye anatenga chitupa changa patebulo, naloza chilembo cha pachitupapo chosonyeza kuti ndife alendo ngakhale tinabadwira konkuno.

"Munhu asina musha haanyori bhuku," anatero mofatsa. Munthu wopanda kwawo salemba buku. Mawu amenewa ankawakonda, ndipo ankawanena nthawi iliyonse asanauze anyamata ake kuti andigoneke chafufumimba.

Ankasankha kumapazi. Za zimenezo sindilemba zambiri. Ndingonena kuti pobwerera ku chitokosi ndinkayenda ndi maondo, ndipo mpaka lero ndimagula nsapato zazikulu kuposa zimene ndinkavala kale. Tsiku lina anabweretsa ndowa ya madzi, koma sinali yomwa. Tsiku linanso sanandikhudze n'komwe, anangondikhazika pampando kuyambira masana mpaka dzuwa kupendeka, iwo akuwerenga nyuzi, ndipo tsiku limenelo ndi limene ndinatsala pang'ono kulankhula.

Chimene chinandigwira kuti ndisapenge ndi chizolowezi cha pampopi chija. Ngakhale m'chitokosi, thupi linkadzuka pa nthawi yake. Pepala panalibe, cholembera panalibe. Ndiye ndinkatsamira khoma n'kulemba tsamba langa m'mutu, mawu amodziamodzi, kubwereza mpaka atakhazikika. Mawa lake ndinkayamba ndi kunena la dzulo, kenako n'kuwonjezera latsopano. Kabowo kaja kakayera bwino ndinkasiya, ngakhale mawu ali pakati. Kondakitala wina wa kombi, minibasi za kuno, amene ankagona pafupi nane ankaona milomo yanga ikugwedera, n'kuyamba kunditchula kuti m'busa. Tsiku lina anandipempha kuti ndimupempherere mwana wake wodwala, ndipo ndinapemphera, poti kukana kukanakhala nkhanza. Zambiri zimene mukuwerengazi zinayambira pakhoma limenelo.

Koma m'mamawa momwemo ndi mmene nthungululu ya azakhali inkandibwerera. Ndinkaona bwalo la tchalitchi, n'kumayesa kukumbukira nkhope zachilendo zija imodziimodzi. Uja wa malaya oyera, si mkamwini wa mkulu wa mpingo? Uja anakhala pafupi ndi geti, si wa kwaya ya ku Zengeza? Aliyense ndinkamupezera m'bale. Ndinkadziuza kuti akanakhala kuti akudziwa, bwenzi akundifunsiranji? Funso limeneli ndi limene linali bulangete langa lenileni. Malinga akundimenya, ndiye kuti azakhali ali bwino pansi pa malata awo.

Masana ena, atandibweza, bambo woonda uja ndi amene anandiperekeza m'khonde. Tinali awiriwiri. Anandigwira m'khwapa kuti ndisagwe, nandipatsa madzi m'kapu yake.

"Ambuya vangu vaitaura saizvozvo," anatero chapansipansi, kuti agogo ake ankalankhula ngati mmene ndinalembera. Kenako anayesa Chichewa, chothyokathyoka. "Buku labwino, abambo. Ine ndinawerenga lonse, kawiri."

Ndinamwa madziwo, iye n'kupitiriza.

"Nenani chabe dzina, mupite kunyumba. Palibe munthu mukupulumutsa."

Ndinamuyang'ana ndi diso lonyoza. Ndinati mumtima, msampha wake ndi umenewu? Atuma mwana wakwathu kuti andinyengerere? Ndinamubwezera kapu yake n'kukwawa ndekha mpaka pachitseko. Ndinadziona ngati mwamuna tsiku limenelo. Abale, munthu uja ankandiuza zoona, mwina moika ntchito yake pachiswe, ndipo ine ndinamulavulira m'maso ndi kuyang'ana. Ndikanakonda nditakumana naye, koma sindidziwa kuti ndingamuuze chiyani.

Kuzizira kunatha, kunayamba kutentha. Kufunsa kuja kunayamba kuchepa, kenako kunalekeka. Sananditengere kukhoti, sanandiuze mlandu. Lachisanu lina cha kummawa ananditulutsa, nandibwezera magalasi ndi nsapato. Lamba sanapezeke. Wa jekete anandiyang'ana akumwetulira.

"Ndiwe wouma mutu, mudhara. Pita. Ukalembenso, tidzawerenga."

Ananditsitsa m'mbali mwa Seke Road dzuwa lili paliwombo. Nsapato zinakana kulowa, ndiye ndinazinyamula m'manja, dzanja lina litagwira thalauza. Mitengo ya jakaranda inali itachita maluwa. Kondakitala wa kombi yoyamba kuima anandiyang'ana kumapazi, nandikweza osafunsa kanthu. Ndinali wonunkha, wowonda, koma mumtima ndinkaimba. Dzina lija sindinalinene. Ndinatsikira ku Unit A, osayamba ndapita kunyumba, chifukwa ndinkafuna kuti azakhali amve kuchokera pakamwa panga kuti mwana wa mlongo wawo sanawagulitse.

Malata aja panalibe. Pamalo pamene ankagona panali posesedwa bwino, ndipo wina anali atadzalapo repu, atakula kale mpaka kuthyoledwa. Mayi mwini nyumba anatuluka, nandiona, n'kugwira pakamwa.

"Maiwe, aphunzitsi! Hamuna kunzwa? Simunamve?"

Anandikhazika pa sitepe n'kundifotokozera. Anzawo a amuna aja anabwera Lachiwiri lomwe lija ananditenga ine, masana ake. Sanafunse njira kwa aliyense. Mmodzi wa iwo mayiyu anamuzindikira, chifukwa anamupatsa yekha tiyi pabwalo la tchalitchi. Anawaonetsa azakhali tsamba la m'buku, nawafunsa ngati mudzi wolembedwawo unali wawo. Azakhali anayankha kuti inde, ndi kwathu. Ndiye anawauza kuti, poti muli ndi kwanu, gogo, tiyeni tikuperekezeni.

"Analira?" ndinafunsa.

"Ayi. Anamanga poto ndi bulangete m'chitenje. Anapempha kuti adzandilawire kaye, anagwada apa pomwe mwakhalapa, n'kundithokoza chifukwa cha khoma. Ankaoneka ngati sakumvetsa bwino. Anandiuza kuti ndiwasungire malata."

Pambuyo pake tinamva kuti anawakweza lole limodzi ndi anthu ena n'kupita nawo kumalire. Mkazi wanga anayenda m'maofesi onse amene akanatha kufikako, kufunsa za ine ndi za iwo, ndipo kulikonse ankamuuza kuti anthu amenewo sakuwadziwa. Choncho pamene ndinkalowa koyamba m'chipinda chofunsira mafunso chija, azakhali anali atatengedwa kale. Nanga ankandimenyeranji? Funso limenelo ndinalisiya, chifukwa sindikhulupirira kuti iwowo ankafuna yankho lililonse.

Ndinafika kunyumba madzulo. Mkazi wanga anatenthetsa madzi, nandisambitsa mapazi. Mawa lake m'mamawa thupi linadzuka lokha, ndipo ndinapezeka ndili pa kireti pampopi. Ndinadana nalo thupi langa tsiku limenelo.

Bukulo linayenda. Kumangidwa kwanga kunalipatsa miyendo. Ndili m'kati, anthu ankalijambula pa makina n'kumapatsirana, amayi a malonda analitengera kunja m'mabelo momwe munabwerera mapepala, ndipo anthu ena akutali analisindikizanso bwino, lachikuto cholimba, kenako n'kulimasulira m'Chingerezi. M'zosindikiza zonse zatsopano midzi ndinaichotsa, koma kunali kutseka khola mbuzi zitapita. Zinthu zitayamba kuphwa ndinayamba kuitanidwa kukalankhula m'masukulu ndi m'misonkhano ya olemba. Achinyamata amandifunsa nthawi zonse kuti ndinatha bwanji kumaliza buku m'zaka zovuta chotero. Ndimawauza zoona: pezani chinthu chimene mumachita kale tsiku lililonse, mumangirirepo kulemba kwanu, lembani pang'ono, siyani musanatope, ndipo musadumphe tsiku chifukwa choti mpopi wauma. Amalemba m'makope awo mwachangu, n'kuomba m'manja. Malangizowo ndi abwino, amagwira ntchito. Koma palibe amene amafunsa kuti mayi wa m'mutu uja anathera kuti, ndipo ine ndimabwerera kunyumba ndili ndi manyazi ngati wakuba. Walira mvula walira matope. Ine ndinalira buku kwa zaka zambiri, koma matope ake anaponda ndi munthu wina.

Anthu amati ndinamasulidwa Lachisanu lija. N'zoona kuti ndimagona chotambalala, ndimatseka chitseko changa ndekha, ndimapita kumene ndafuna malinga mapazi alola. Sindipeputsa zimenezi, amene anakhalapo m'chitokosi sangazipeputse. Koma ufulu umene ndinkaulakalaka ndili pakhoma lija unali waung'ono kwambiri: kutsika kombi ku Unit A, kuwerama pansi pa malata, n'kumva azakhali akundikalipira kuti ndawonda. Umenewo sindinaulandire. Ndimadzifunsa ngati ndikanawakaniza za mudzi zija, ndipo ndimadziwa kuti akanandithamangitsa ndi ndodo, n'kukhala kuti akunena zoona. Ndimadzifunsa ngati ndikanangosiya osalemba, iwo n'kufera pansi pa malata, opanda kwawo monga ankanenera otinyoza. Yankho ndilibe. Chimene ndikudziwa n'choti ndimawasowa kwambiri.

Kupita kukawafuna sindikanatha. Pasipoti anandikana kwa zaka, ati ndiyambe ndatsimikiza kuti ndine wa dziko liti. Makalata amene ndinatumiza kwa mfumu ya kumeneko sanayankhidwe. Patapita zaka zingapo, mayi wina wa kutchalitchi kwathu amene amakagula zitenje ku Malawi anavomera kupatuka paulendo wake kuti akafufuze. Atabwerako anafika kunyumba kwathu Loweruka masana, nakhala pamkeka, nakana tiyi. Ndinadziwiratu.

Mudziwo ulipodi, anatero, pafupi ndi msewu wa tala. Azakhali anafikako, kaya bwanji, atanyamula kamtolo kawo. Anatchula dzina la mayi awo ndi la agogo awo, koma panalibe ndi mmodzi yemwe wowakumbukira. Komabe anthu ake ndi abwino. Banja lina linawapatsa kanyumba, linkawapatsa chakudya, ndipo atamwalira, chaka chimodzi mayiyu asanafike, anawaika m'manda a pamudzipo mwaulemu wonse. Ankawatchula kuti agogo a ku Halale.

"Ndiye anafera kwawo," anatero mkazi wanga, pofuna kunditonthoza.

Mayi uja anayang'ana pansi, nakonza chitenje chake.

"Pali china, aphunzitsi. Kaya ndinene."

"Nenani, mayi."

"Akuti miyezi yoyamba anali wosangalala, ankayendayenda kufunsa za mitengo ndi zitsime zimene mayi awo ankawauza. Kenako anayamba kukhala chete. Chaka chomaliza mutu unayamba kutayika, ndipo ankalankhula Chishona chokhachokha, anthu osamva. M'mawa uliwonse ankamanga poto ndi bulangete, n'kupita kukaima pamsewu. Minibasi iliyonse ikaima ankafunsa ngati ikupita ku Seke."

"Ndiye anthu ankatani?"

"Makondakitala onse a msewu umenewo ankawadziwa. Sankawaseka ayi. Ankangowauza kuti, yadzaza agogo, dikirani ikubwerayo."